Datsun ya Amalume Yamera Mapewa

Kwa zaka zambiri, khola la nkhuku lodula kuposa makola onse m'boma la Chongwe linali Datsun 240Z ya amalume anga. Inakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba, pa kamunda kawo cha ku Chalimbana, pansi pa mtengo wa mango. Thadzi lina linalanda mpando wa dalaivala n'kumaikirapo mazira, ndipo panalibe wolitsutsa. Anti, akazi awo a malumewo, ankayanika mfutso pa boneti, poti boneti ya 240Z ndi yaitali ndipo ikapsa ndi dzuwa masamba amauma tsiku lomwelo. Penti imene kale inali ya olenji inasuluka mpaka kufika pa mtundu woti ngakhale ogulitsa penti ku Kamwala sangaupezere dzina.

Izi zinali zoseketsa chabe. Chomvetsa chisoni chinali pa madigadi akumbuyo. Mkombero wonse wozungulira tayala unali utadyedwa ndi dzimbiri, moti ukaugogoda ndi chala zinyenyeswazi zofiira zinkayoyokera pansi. Mbali ya kumanja unkatha kupisa dzanja n'kugwira za mkati mwa buti. Wina kalekale anayesa kubisa chilondacho ndi fila wopakidwa pa waya wa sefa, ndipo filayo atang'ambika anasanduka chosungira madzi a mvula iliyonse kuyambira nthawi ya Kaunda.

Amalume anaigula ku Kitwe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kwa injiniya wina wa ku migodi amene ankabwerera kwawo. Mtengo wa kopa unali utagwa kuyambira mu 1975, ndalama zakunja zikusowa, ndipo amwayi ogula galimoto yatsopano ankadikira Fiat yolumikizidwa ku Livingstone. Pakati pa tima Fiat 127 ndi 128 timeneto, galimoto yotsika, ya mipando iwiri yokha ndi injini ya masilinda 6, inali nkhani ya tauni yonse. Amalume amati anti anawalola chifukwa cha iyo. Anti amati anawalola ngakhale anabwera ndi galimoto yopanda pokhala apongozi. Atapuma pa ntchito n'kusamukira ku Chongwe, mabuleki anayamba kuvuta, sipeya osapezeka, ndiye anaiimika "kwa kanthawi". M'kanthawi kameneko ana anabadwa, anakula, ena n'kukwatira.

Koma musaiyese masewera galimoto imeneyi. Nissan inaitulutsa mu 1969 ndi injini ya L24 ya malita 2.4, makabyureta awiri, ndi thupi lopepuka longopitirira pang'ono tani imodzi. Mu 1971, chaka chimene mfumu yaikulu ya Asoli, Nkomeshya Mukamambo II, inalowa ufumu kuno, 240Z yoyendetsedwa ndi Edgar Herrmann ndi Hans Schüller inapambana East African Safari Rally. Mu 1973 Shekhar Mehta anabwerezanso ndi 240Z ina. Magalimoto amenewo anali ofiira, boneti yakuda, ndipo Nissan imawasungabe ku Zama m'dziko la Japan ndi zipsera zawo zosawongola. M'dziko la Satwant Singh, amene anatenga ukatswiri wa mpikisano wa magalimoto mu Africa maulendo 8, nkhani zotere akuluakulu amazidziwa pamtima. Amalume akayamba kufotokoza za Mehta, tiyi amazizira m'kapu.

Tsiku lina anandiitana kuchokera ku Lusaka. "Mphwanga," anatero, "chitenge chinthuchi chisanathere pansi. Koma mawu anga ndi awiri. Usachigulitse. Ndipo chikadzuka, woyamba kuchiyendetsa ndine." Ndinavomera msanga asanasinthe maganizo.

Injini sinativute kwenikweni. Makaniko anathira oyilo m'masilinda n'kuisiya kuti ifewe, anatsuka makabyureta ndi thanki, anaika mapulagi atsopano, ndipo itatsokomola utsi wa buluu inalira bwinobwino. Injini za mtundu wa L sizifa wamba. Mabuleki, mashoko ndi mabushi zinasinthidwa, pansi popondapo ndi pokhala batire panaikidwa zigamba. Nkhondo yeniyeni inali pa madigadi.

Anzanga a ku Lusaka okonda magalimoto akale atamva kuti ndikufuna kudula madigadi n'kuwakuza, anachita kugwira m'mutu. Anati 240Z sadula, mitengo yake kunja ikukwera chaka ndi chaka, yodulidwa imatsika mtengo. Sananame. Malangizo awo anali oti ndiitanitse zigamba zopangidwa kale kuchokera ku America, ndibwezeretse mkombero monga unatulukira ku fakitale. Ndinawerengera mtengo wa zigambazo, wa ndege ndi msonkho, n'kuona mmene kwacha inkachitira ndi dola, ndipo ndinatseka foni. Komanso panali mfundo imene iwo ankailambalala: wodula anali atadula kale. Dzimbiri linagwira ntchitoyo kwa zaka, mosalipiritsa, ndipo ife tinkangofuna kuwongola mzere umene ilo linakhotetsa. Ngati kukuza madigadi a 240Z ndi tchimo, oyamba kuchimwa ndi a Nissan eni ake, amene mu 1971 anatulutsa 240ZG ku Japan ili ndi mapewa omangirira pa matayala onse anayi, kuti ilowe mipikisano ndi matayala otambalala.

Mapewa a ZG aja ndi a faibala, omangidwa ndi timisomali. Ofanana nawo ali mbwee pa intaneti, ndi opepuka ndipo kuwaika sikuchedwa. Ine ndinawakana. Kuchoka pa tala wa Great East Road kulowera kwa amalume ndi msewu wa miyala, ndipo tayala lotambalala limagenda mwala uliwonse m'madigadi. Faibala ikagendedwa imang'aluka. Ena amaimata pa chitsulo ndi fila kuti msoko usaoneke, koma dzuwa likawomba chitsulo ndi faibala sizifutukuka mofanana, ndipo pakapita nthawi mzere umatulukira mu penti. Bowo lililonse la msomali ndi khomo latsopano la dzimbiri. Chachikulu n'chakuti 240Z ilibe chesesi yapayokha. Thupi lomwelo ndilo limanyamula galimoto, ndipo madigadi akumbuyo ndi mbali ya mphamvu imeneyo. Faibala imangophimba podulidwa. Chitsulo chowotcherera chimabweza mphamvu. Ndipo chitsulo chikagundidwa, pa Chongwe pomwepo pali anthu odziwa kuchiwongola.

Mmodzi mwa iwo ndi mdala amene tonse timangomutchula kuti amisiri. Galaja yawo ndi mpanda wa malata, mtengo wamthunzi, ndi mitembo ya magalimoto yoyembekezera eni ake amene mwina anaiwala njira. Anayambira pakati pa owotcherera mageti a ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, asanaphunzire za mabodi. Ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kuwongola ma Hiace ogundana ndi ma Canter onyamula tomato, ndipo eni magalimotowo amafuna chinthu chimodzi chokha: kuti ituluke mawa. Datsun itatsitsidwa pa lole, anaizungulira osalankhula, manja kumbuyo. Anagwada pa madigadi a kumanja, anapisa dzanja, linatulukira mu buti.

"Bwana wamng'ono," anatero, "iyi motoka inakulakwirani chani?"

Ndinawaonetsa zithunzi za mapewa pa foni. Anaziyang'ana nthawi yaitali, akukuza chithunzi ndi zala zakuda ndi girisi, kenako anamwetulira. Sanafunse za ndalama. Anafunsa za malimu. "Telala sasoka munthu asanamuyeze. Bweretsani matayala amene mufuna, ndiye tikambe."

Malimu a ku fakitale ndi a mainchesi 14, opyapyala, a matayala a 175, obisala mkati mwa thupi. Ndinapeza a mainchesi 15, otambalala mainchesi 8, a mabowo anayi oyenderana ndi Datsun, n'kuwaveka matayala a 225/50. Atamangidwa, akumbuyo anatuluka kunja pafupifupi masentimita 5. Amisiri anakana kujambula mzere uliwonse galimoto ili pa jeke. Anaitsitsa pansi kuti ikhale pa kulemera kwake, anauza mnyamata wawo wa sipana kuti akhale pa mpando wa dalaivala, ndiye n'kuyamba kuyeza. Achinyamata a masiku ano amakonda galimoto yokwawa pansi. Ife sitinaitsitse kwambiri, chifukwa mahampu a pa Great East Road alibe ulemu ndi galimoto ya munthu. Kenako anachotsa sipiling'i n'kukweza tayala ndi jeke mpaka pothera, kuti aone pamene lidzafike galimoto ikagwera m'dzenje. Kutsogolo anapotoza chiwongolero uku ndi uku mpaka kumapeto. Pokhapo m'pamene anatenga choko.

Mapewa oyamba anali a makatoni a sopo wa Boom, odulidwa ndi sizasi, omatidwa ndi tepi. Tinakangana nawo makatoniwo masana onse. Ine ndinkafuna otukumuka kwambiri. Amisiri anati galimotoyi ili ndi mzere wake wochoka pa nyali kudutsa pa chitseko mpaka kumbuyo, ndipo phewa liyenera kutuluka mu mzere umenewo pang'onopang'ono, osati kuoneka kuti lachita kupachikidwa. Anandiuza kuti ndikaime patali, kutsidya kwa msewu, ndiyang'ane mbali imene anadula iwo ndi mbali imene ndinadula ine. Tinatsata yawo.

Za chitsulo anali ndi maganizo awo kale. Malata atsopano amene ndinawaona ku Lusaka, ena anali ochindikala, ena opakidwa zinki. Wochindikala ukamuwotcherera pa thupi la Datsun, limene silifika ngakhale milimita imodzi, mbali yopyapyalayo imabooka inayo isanasungunuke. Wa zinki amatulutsa utsi wodwalitsa ndipo msoko wake sugwira bwino. Amisiri ananditengera kuseri kwa galaja kumene kunali Datsun 120Y yakale, imene inali takisi m'masiku ake. Pansi pake panali pataola, koma denga linali lamoyo, poti denga siliona matope. "Ichi ndiye chitsulo cha pachibale," anatero akuligogoda. "Fakitale imodzi, zaka zimodzi. Zidzamvana." Denga la takisi yotopa linadulidwa tsiku lomwelo kuti likakhale mapewa a mbale wake wonyada.

Asanayatse chilichonse, thanki ya petulo inatsitsidwa n'kukaikidwa kutali. Pa 240Z pothirira petulo pali pa madigadi akumbuyo a kumanja, pafupi kwambiri ndi pamene moto unkayenera kudutsa, choncho paipi yake ndi timapaipi tonse ta mpweya wa petulo zinachotsedwanso. Batire, makapeti ndi mawaya zinatuluka. Magalasi anaphimbidwa ndi makatoni onyowa, chifukwa nthethe za girayinda zikagwera pa galasi zimalowerera, ndipo galasi lakumbuyo la 240Z simungalipeze ku msika wa Soweto.

Tsiku lodula, amalume anabwera atavala jekete. Anapatsidwa mpando pa mthunzi. Girayinda italira n'kuluma chitsulo koyamba, anaimirira, anakonza kolala, n'kunena kuti akukaona mtengo wa mbuzi ku msika. Alibe khola la mbuzi.

Madigadi akutsogolo savuta: amamasulidwa ndi mabawuti ndipo ndi chitsulo chimodzi. Akumbuyo ndi nkhani ina, ndipo apa m'pamene mumasiyanitsira mmisiri ndi wongodula. Pali zitsulo ziwiri, chakunja chimene timachiona ndi chamkati chokuta tayala, ndipo zimakumana pa mkombero. Ukadula mkombero wazilekanitsa. Amisiri anadula chakunja pa mzere wa choko, chamkati n'kuchidula m'munsi pang'ono kuti chitsale chachitali. Chotsalacho anachicheka timizere n'kukhala timalilime, anatipinda m'mwamba ndi hamala kamodzikamodzi mpaka titakhudza chakunja, n'kuwotcherera zonse pamodzi. Pamene dzimbiri linadya kwambiri anaikapo zigamba. Othamanga amadumpha ntchito imeneyi poti phewa likavala palibe amene adzaone. Zotsatira zake ndi fumbi ndi madzi mu buti, utsi wa ekizozi m'mphuno mwa dalaivala, ndi thupi lolira pa bampu iliyonse.

Pa nthawi imeneyi galimoto inali yonyansa kuposa mmene inalili pansi pa mango. Mabowo aakulu anayi, penti yopsa, mawaya ali lendelende. Anti anadutsa pa galaja pochokera ku chigayo, anaima, anaiyang'ana kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Nkhuku zanga munazisamutsira zimenezi?"

Palibe anayankha.

Ndiye inayamba ntchito imene ndikanalipira kuti ndingoionera. Pakati pa galaja pali chitsa cha muwanga chokumbidwa pamwamba pake. Amisiri ankaika chidutswa cha denga lija pa dzenjelo n'kumachimenya ndi hamala yamtengo, kuyambira pakati kumka m'mphepete, akuchitembenuza ndi dzanja lamanzere. Phewa limapindika mbali ziwiri nthawi imodzi: limazungulira tayala, komanso limatukumukira kunja. Lata silifuna zimenezo. Kuti livomere, pena uyenera kulitambasula, pena kulifinya. Pofinya ankapinda timakwinya m'mphepete n'kutimenya mpaka chitsulo chitadzimeza chokha. Phewa lililonse linapangidwa m'zidutswa, n'kulumikizidwa. Mlomo wake anaupanga pokulunga lata pa waya wochindikala mamilimita 6 wopindidwa motsata tayala, kuti ukhale wolimba komanso wosacheka tayala kapena dzanja la wotsuka.

Zokhota sankaziona ndi maso. Ankaika kansalu pa chikhatho n'kusisita chitsulo atayang'ana kumbali, ndipo pamene dzanja laima ankazungulizapo choko. Ine ndikasisita pomwepo sindinkamva kanthu. Kuti kumanzere kufanane ndi kumanja, katoni yomweyo ankaitembenuza, ndipo ankayeza ndi chingwe kuchokera pakati pa habu, mfundo zili zomangidwa pa chingwecho. Mnyamata wa sipana, amene ankaganiza kuti ntchito ya mabodi ndi kupaka fila basi, anasiya kusewera ndi foni.

Chaka chake chinali 2024, chaka cha chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko. Madzi ku Kariba anatsika, magetsi n'kumabwera maola ochepa pa tsiku, kawirikawiri pakati pa usiku. Mabuku ambiri a zokonza magalimoto akale amati ntchito yotere imafuna makina a MIG. Makina amenewo amafuna magetsi. Amisiri anaseka n'kukoka botolo la okosijeni ndi chitini chawo cha kabaidi, zimene akhala akugwiritsa ntchito kuyambira ali mnyamata.

Vuto la gasi ndi kutentha kumene kumafalikira patali, ndipo lata lopyapyala likatentha limachita mafunde. Njira yawo inali ya kuleza mtima. Phewa ndi thupi anazigundanitsa mlomo ndi mlomo, osati kusanjika china pamwamba pa chinzake, poti posanjikana m'pamene madzi amabisala. Ankadontheza kamsoko kamodzi apa, n'kulumpha kukadontheza kena kutali, n'kubwerera pakati. Kadontho kalikonse kakamazizira kamakoka chitsulo, ndiye kasanazizire ankakamenya ndi hamala, chitsulo chotsamiritsa chili kuseri, kuti katambasukenso. Ubwino wa msoko wa gasi ndi umenewu: ndi wofewa, umamva hamala, pamene wa MIG ndi wouma. Nsanza yonyowa ankaiika chapatali kuti imwe kutentha kusanafike pa chitseko. Dontho, hamala, kudikira. Dontho, hamala, kudikira. Galaja yonse inkayenda pa kayimbidwe kameneko, ndipo eni ma Hiace ankabwera kudzadandaula n'kutsalira kuonerera.

Girayinda yokha ndiyo inkadikira magetsi. Mnyamata uja ankagona pa galaja, babu ili yoyatsa pamwamba pa nkhope yake. Ikangowala ankadzuka n'kuyamba kusalaza misoko, ndipo oyandikana nawo anaphunzira kudziwa kuti magetsi abwera pomva Datsun ikulira mumdima.

Tiyeni tinene zoona za fila. Magalimoto ambiri "owongoledwa" amene mumawaona akunyezimira m'misewu ya Lusaka anyamula fila wokwana kumangira khonde, ndipo mvula yachiwiri isanathe amayamba kusweka. Amisiri ali ndi maginito amene anachotsa ku sipika ya wailesi. Misoko itasalazidwa, pulaima anapopera pa chitsulo chosavala kanthu, fila n'kubwera pambuyo, wopyapyala, wongotseka timabala ta hamala. Atamaliza anandipatsa maginitowo. "Yesani paliponse. Pamene agwe, musandilipire." Ndinayesa mapewa onse anayi, ndi mtima wofuna kuwagwira. Sanagwe. Kenako anawaza penti yakuda pang'ono pamwamba pa pulaima n'kukwecha ndi sandipepa womata pa thabwa lalitali. Pamene pakuda patsalira ndiye kuti palowa. Kunsi kwa madigadi misoko yonse inamatidwa n'kupakidwa phula loteteza ku miyala. Kumanja phewa linathera bwinobwino kachitseko ka petulo kasanayambe, moti kamatseguka osakhula.

Za mtundu panalibe mkangano. Amalume anangoti, "Ya Mehta." Yofiira, boneti yakuda yosanyezimira. Kupopera penti ku Chongwe nyengo ya fumbi kumafuna nzeru: anamanga chitenti cha matenti a lole, anathira madzi pansi ngakhale madziwo anali ochita kugula mtsinje wa Chongwe utaphwa, anabwereka jenereta ya kompuresa, n'kupopera mbandakucha mphepo isanadzuke. Poti mtundu unasintha, tinakalembetsa ku RTSA kuti buku la galimoto ligwirizane ndi galimoto, n'kuipimitsa. Woyeza atamaliza zake anapempha kuti tiilizenso injini. Sizinali pa fomu.

Koma ndadumpha tsiku lenileni.

Tenti itachotsedwa, ine ndinaseka. Sindinathe kuchita china. Ndinaseka mpaka kukhala pansi pa tayala lakale. Galimoto ija yamanyazi, imene matayala ake ankabisala mkati, inali itaima motangadza, yotambalala, yokonzeka ndewu. Tayala lililonse linathera ndendende pa mlomo wa phewa lake, mpata wa zala ziwiri pamwamba. Ukaima kumbuyo, denga limaoneka laling'ono, thupi likukula potsika mpaka kudzatukumuka pa matayala. Ukaima kutsogolo, boneti yakuda ija yatalika kuposa kale pakati pa mapewa awiri ofiira. Palibe msomali, palibe mphira wobisa msoko, palibe mzere. Kuwala kumachoka pa chitseko n'kukwera phewa osadukiza. Mnyamata wa sipana ankaizungulira akuvina, akukuwa kuti, "Yamera mahipi! Bamudala, yamera mahipi!"

Amalume anafika ndi jekete lomwe lija. Sanaseke. Anapita pa madigadi a kumanja, pamene dzanja linkalowa, anawerama movutikira n'kuyamba kusisita kufunafuna msoko. Anasisita kumtunda, anasisita kumunsi. Anavala magalasi. Anapisa dzanja kunsi. Kenako anawongoka n'kuyang'ana amisiri.

"Mwalumikiza pati?"

"Pezani, bamudala."

"Ndafunsa kuti mwalumikiza pati."

"Nanenso ndaiwala."

Apo m'pamene amalume anavula chipewa n'kugwira dzanja la amisiri ndi manja awiri, ndipo anti, amene anabwera kudzaona mapeto a zopusazi, anaimba nthungululu imene inaimitsa njinga za makala pa msewu. Atatha anatsegula chitseko cha kumanzere, anakhala, anaika chikwama pa miyendo n'kufunsa kuti tikudikira chiyani.

Pangano ndi pangano. Makiyi anapita kwa amalume, ine ndinatsatira pambuyo pa Corolla ya mnzanga. Anatuluka pa galaja mwaulemu, anakwera hampu yoyamba chammbali, ndipo atafika poyera cha ku toll gate ndinamva masilinda 6 aja akutsegula kukhosi. Corolla inayesetsa. Makondakitala a minibasi ankatulutsa mitu pa mawindo akuimba mluzu. Pa filing'i sitesheni anyamata anaunjikana, wina akuti ndi Ferrari, wina akuti ndi Jaguar, mpaka mdala wina wogulitsa nthochi anawadudula kuti, "Datsun iyo, ana inu. Munali musanabadwe." Sabata ya Chakwela Makumbi, pamene Asoli amapempha mvula ndipo Chongwe imadzaza ndi ma Land Cruiser a akuluakulu, anthu ankapereka msana ku magalimoto a mamiliyoniwo n'kumajambulitsa atatsamira denga la takisi yakale.

Sikuti zonse ndi uchi. 240Z ilibe pawa sitiyeling'i, ndipo ndi matayala a 225 kuipotoza itaima ndi ntchito ya mapewa a munthu. Pamene malole opita ku Chipata ndi ku Malawi anakumba mikwasa mu tala, matayala otambalala amafuna kutsata mkwasa m'malo motsata dalaivala. Miyala ya msewu wa kwa amalume yayamba kale kujompha penti kutsogolo kwa mapewa akumbuyo. Petulo imamwa mosaumira. Koma m'makona a kumapiri opita ku Rufunsa imagwira msewu mwa njira imene matayala opyapyala aja sakanatha, ndipo anzanga a ku Lusaka amene ankati 240Z sadula anabwera kudzaiona, anaizungulira, mmodzi n'kufunsa chapansipansi ngati amisiri angaione Ford Escort yake.

Amisiri anakhomera makatoni a Boom aja pa msomali m'kaofesi kawo, ndipo salola munthu kuwagwira. Mwini Datsun 1200 ina yonyamula tomato wafunsa kale mtengo. Atauzidwa anakhala pansi, koma sanachoke.

Za mmene imakhalira m'makona a ku Rufunsa ndikunena zimene ndinamva ndili pa mpando wa kumanzere, tsiku limene anti anapita ku msonkhano wa amayi ku tchalitchi. Tinapangana kuti woyamba kuiyendetsa ndi amalume. Sitinapangane kuti ulendo woyambawo udzatha liti. Ndikafunsa makiyi amati akuimvetserabe kaphokoso kena kumbuyo, ndipo si bwino kupatsa mwana galimoto yosatsimikizika. Loweruka lililonse ndimakwera minibasi kuchoka ku Lusaka, n'kukaitsuka.